Kuyeza ndi Kuyesa: Mawu Ofotokozera Masensa a Kompyuta

M'kalankhulidwe ka anthu ambiri, aneni akuti kuyeza ndi kuyesa amalowana. Pocheza palibe chovuta, koma polemba za makina, kusinthanitsa z ndi s kumasokoneza tanthauzo la chiganizo chonse.

Ntchito ya tiyi ku Thyolo imaonetsa bwino kusiyanaku. Pa esiteti monga ya Satemwa, imene inakhazikitsidwa mu 1923, masamba othyoledwa amaikidwa pa sikelo kuti kulemera kwake kudziwike. Kumeneko ndiko kuyeza. Koma munthu akaika pa sikeloyo chitsulo chodziwika kale kulemera kwake, pofuna kuona ngati sikelo ikunena zoona, ndiye kuti akuiyesa. Sikelo yosayesedwa ingathe kudyera wothyola tiyi thukuta lake, pakuti malipiro amatsatanso makilogalamu.

M'fakitale, tiyi amaumitsidwa ndi mpweya wotentha kufikira chinyezi chitatsala pafupifupi 3 peresenti. Kachipangizo kamene kamamva kutenthako ndi kukusandutsa chizindikiro cha magetsi kamatchedwa sensa. Liwu lakuti choyezera silikwanira pano, chifukwa limaphatikizaponso rula ndi ndowa, zimene munthu amawerenga ndi maso, pamene sensa imawerengedwa ndi makina. Liwu lobwerekali litsate kagwirizanidwe ka liwu lakuti kompyuta: sensa iyi, masensa awa.

Kompyuta nayonso ili ndi masensa m'kati mwake, oyeza kutentha kwa purosesa, liwiro la mafani ndi mphamvu ya magetsi. Mu Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, masensawa amafikiridwa kudzera mu lm-sensors, ntchito imene inayamba mu 1998.  Pulogalamu ya sensors-detect imafufuza masensa amene ali m'kompyuta, ndipo libsensors imatenga manambala ake ndi kuwapereka kwa mapulogalamu ena. Linux imalemba kutentha mogawa digiri imodzi m'magawo 1,000, kotero kuti 45000 ndi madigiri 45. Imene imamasulira nambalayo ndi libsensors.

Amisiri amatcha libsensors kuti laibulale. Imeneyi si nyumba ya mabuku ayi, koma nkhokwe ya malangizo olembedwa kale, m'mene pulogalamu iliyonse imatapamo m'malo molemba akeake. Potchula koyamba m'nkhani, ndi bwino kulemba kuti laibulale ya mapulogalamu, kuti wowerenga asasokere.

Tsono kagwiritsidwe koyenera ndi aka: sensa imayeza kutentha, laibulale imapereka muyezowo, ndipo mmisiri amayesa sensa poiyerekeza ndi choyezera china chodalirika. Mkonzi akapeza mawu akuti "kuyesa kutentha kwa purosesa," akonze kuti "kuyeza." Akapeza akuti "kuyeza ngati sensa ikugwira ntchito," akonze kuti "kuyesa." Aphunzitsi angathandize pozoloweretsa ophunzira kusiyanaku m'maphunziro a Chichewa ndi a sayansi omwe.