Nthaŵi Yonyamukira pa Gombe la Senga Bay

Chaka ndi chaka, chisanu chikayandikira ku Ulaya, eni ngalaŵa za matanga amasonkhana pa doko la Las Palmas ku zilumba za Canary, cholinga chawo chili kuoloka nyanja ya Atlantic kunka ku zilumba zofunda za Caribbean. Iwo sanyamuka mwachisawawa ayi. Amadikira kumapeto kwa Novembala, pamene nyengo ya anamondwe a kumeneko, imene imayamba mu Juni, ikutha. Ulendo wa gulu wotchedwa ARC, umene udayamba mu 1986, umatsata nthaŵi yomweyi.

Pa gombe la Salima palinso lamulo lotere, koma mwini lamulo kuno ndi mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera chakum'maŵa, ndipo imaomba kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, nthaŵi imene anthu a ku Dedza ndi ku Dowa ali kuotha moto, pamene kunyanja kuli kofundirako. Munthu wofuna kuchoka ku Senga Bay kunka ku Likoma, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 chakumpoto, mwera ndiye bwenzi lake, pakuti umamkankha kumsana ndi kudzaza matanga. N'chifukwa chake mpikisano wa ngalaŵa za matanga wa pa Nyanja ya Malaŵi, umene udayamba mu 1984, adauika mu Julayi, ndipo ngalaŵazo zinkachokera ku Mangochi kuloŵera kumpoto, osati kubwerera kumwera.

Komatu bwenzi limeneli n'losadalirika. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo idagona motsata njira ya mwera. Tsono mphepo ikamayenda pamadzi popanda phiri loitchinga, mafunde amanka nakula. Amene ali aang'ono pa Senga Bay amakhala atasanduka zitunda pofika ku Nkhotakota, ndipo pakati pa nyanja palibe pothaŵira. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndi ya injini, idamira mu mkuntho ikuyandikira ku Florence Bay, kumene lero ndi ku Chitimba, ndipo anthu 145 adatsikira kuli chete. Nanga kangalaŵa ka matanga kangalimbe bwanji?

Mwaŵi wake ngwakuti mwera suomba mofanana masiku onse. Umakalipa masiku angapo, kenaka n'kufatsa. Mmalinyero wanzeru amamvera chenjezo la a zanyengo pa wailesi, nafunsanso asodzi a pagombe, amene amadziŵa kuŵerenga mitambo ndi maonekedwe a madzi. Sanyamuka tsiku lomwelo limene mphepo yatsika, chifukwa mafunde amachedwa kugona. Akanyamuka amatsata gombe, nagona ku Nkhotakota, kumene kale zombo za a Jumbe zinkaolokera kutsidya, ndipo amadikiranso mpata wina asanaloŵe pakati.

Chimene ambiri amaiŵala ndi ulendo wobwerera. Mwera umene udamperekeza munthu ku Likoma ndi womwewo umene udzamtsekereza njira ya kwawo. Ayenera kupirira mpaka Seputembala kapena Okutobala, pamene nyanja imadekha, koma asachedwe kufikira mvula itagwa. Mpoto wa m'dzinja umaloza ku Salima ndithu, koma umabwera ndi mabingu ndi mikuntho yodzidzimutsa. M'miyezi imeneyo ngakhale pa chilumba cha Mbenje sipakhala asodzi, pakuti mwa lamulo la Mfumu Makanjira amachokapo mu Disembala, nabwerera mu Epulo.