Kodi mumadziwa?

Mmalawi woyamba kukhala dokotala anachokera ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi la Mulanje. Dr. Daniel Sharpe Malekebu anaphunzira ali mnyamata pa mishoni ya John Chilembwe ku Mbombwe, kenako anatsatira mphunzitsi wake, mayi Emma DeLany, ku America. Anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1917, ndipo mu 1919 anakwatira Flora Zeto, wobadwira ku Congo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti atabwerera kwawo mu 1921, boma la atsamunda linawabweza pokumbukira nkhondo ya Chilembwe ya 1915, chonsecho anthu akusowa dokotala. Banjali linakatumikira ku Liberia mpaka linaloledwa kubwera kudzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Malekebu anamwalira mu 1978.