Makina Amene Adaphunzira Kulira: Gawo Lachiwiri

M'gawo lapitalo tidasiya woliza kiyibodi Keith Emerson atamvera chimbale cha Switched-On Bach, chimene Wendy Carlos adatulutsa mu 1968, mtima wake utagwidwa ndi chinthu chimodzi: kukwera pa nsanja ndi makina a Robert Moog otchedwa synthesizer. Sichidali chinthu chapafupi. Makinawo adawapangira mu situdiyo. Chidali chibokosi chachikulu chodzaza timabowo, ndipo kuti chitulutse mawu umayenera kulumikiza mawaya ambirimbiri ndi manja. Kukatentha, mawu ake ankasokonekera okha. Chodabwitsa kwambiri kwa oliza piyano chidali chakuti makinawo sankatulutsa manoti awiri nthawi imodzi. Udine makiyi atatu, noti imveka imodzi basi.

Mu 1970 Emerson adasiya gulu lake la The Nice n'kugwirizana ndi Greg Lake wochokera ku King Crimson komanso woliza ng'oma Carl Palmer wochokera ku Atomic Rooster. Pa 29 Ogasiti chaka chomwecho, Emerson, Lake & Palmer adaima pamaso pa chikhamu cha anthu ku chikondwerero cha Isle of Wight, ndipo pomaliza adawomba mizinga iwiri pa nsanja pomwepo. Dzina lawo lidamveka ponseponse. Koma chimene chidasinthadi mbiri ya synthesizer chidachitika mwakachetechete, m'chipinda chotseka cha situdiyo ya Advision mu mzinda wa London.

Akujambula chimbale chawo choyamba, adapeza kuti nyimbo zaperewera. Pankafunika imodzi yodzazira malo otsala. Lake adatulutsa kanyimbo kamene adapeka ali ndi zaka 12, kotchedwa Lucky Man. Kadali kophweka, ka gitala wamba, kosiyana kotheratu ndi nyimbo zazitali zokhotakhota zimene Emerson ankazikonda, ndipo iye sadaonetse chidwi. Lake ndi Palmer adayamba okha. Pamwamba pa ng'oma, Lake adasanja magitala ndi mawu ake mobwerezabwereza mpaka nyimbo idaima. Emerson ataimva itafika pamenepo, adavomera kuikapo kena kake chakumapeto.

Adakhala pa Moog n'kuyamba kungoyesa, kufufuza njira. Tepi idali ikuzungulira. Atamaliza adapempha kuti abwereze, poti kwa iye kudali kukonzekera chabe. Lake adakana. Malo ojambulapo pa tepi adali atatha, ndipo kubwereza kukadatanthauza kufufuta zimene zidali zitalowa kale. Choncho solo imene dziko lonse likuidziwa ndi ija yoyamba, imene mwini wake sadakhutire nayo.

Ine ndimaiika pamwamba pa zonse, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Nyimboyi ikunena za munthu amene adali ndi chuma, ulemu ndi zonse zofunika pa moyo, koma adapita kunkhondo, chipolopolo chidamupeza, ndipo chuma chake sichidamupulumutse. Lake akangomaliza kuimba za imfayo, Moog imalowa pansi penipeni, mokhuthala, kenako imakwera. Silumpha kuchoka pa noti ina kupita pa ina monga ichitira piyano. Imatsetsereka, kudutsa mawu onse a pakati, ngati mayi wobuma pa maliro a mwana wake. Imakwera, imagwa, imakweranso, mpaka pomaliza imakabangula pansi, ng'oma za Palmer zokha zikuiperekeza. Kutsetsereka kumeneku oimba amakutcha portamento, ndipo kumatheka bwino chifukwa cha chilema chija cha noti imodzi. Pakhosi pa munthu patulukanso noti imodzi pa nthawi. N'chifukwa chake makina a magetsi ndi mawaya adamveka ngati chinthu chopuma. Chimbalecho chidatuluka mu Novembala 1970, ndipo anthu ambiri adamva Moog koyamba pa wailesi kudzera mu nyimbo imeneyi.

Nthawi yomweyo, ku Trumansburg m'chigawo cha New York, kampani ya Moog idali ikumaliza chida china chaching'ono, Minimoog. Chidali ndi makiyi 44 ndi ma oscillator atatu opanga mawu, chopanda mawaya olumikiza kunja, choti munthu mmodzi n'kunyamula yekha. Nachonso chinkaliza noti imodzi. Rick Wakeman amafotokoza kuti Minimoog yake yoyamba adaigula pa theka la mtengo kwa Jack Wild, mnyamata wa mufilimu ya Oliver!, yemwe ankaganiza kuti njowonongeka poti inkakana kuliza manoti awiri pamodzi. Wakeman adamuuza kuti ndi mmene adaipangira, koma Wild sadaifunenso.

Dzina la Wakeman lisungeni. Pakati pa 1971 adali ndi zaka 22. Adali atasiya maphunziro ku Royal College of Music kuti azilizira oimba ena m'masitudiyo, ndipo zala zake zidali pa nyimbo zambiri zotchuka. Ndiye adaliza chida chotchedwa Mellotron mu Space Oddity ya David Bowie mu 1969, ndiyenso adaliza piyano mu Life on Mars? Ankaimbanso m'gulu la Strawbs, koma ndalama zenizeni zinkachokera ku ntchito za mu situdiyo, zimene ankazigwira usana ndi usiku.

Gulu la Yes nalo lidali pa mphambano. Chimbale chawo cha The Yes Album, chojambulidwa ku Advision komwe kuja ndi katswiri yemwe adajambulanso chimbale cha gulu la Emerson, Eddy Offord, chidali chitawakweza. Jon Anderson ndi Chris Squire a m'gululi ankafuna mawu atsopano a Moog ndi Mellotron, pomwe woliza kiyibodi wawo, Tony Kaye, ankakonda limba lake la Hammond ndi piyano. Adasiyana. Mpando udatsala wopanda munthu, ntchito ya chimbale chotsatira itayandikira.

Monga amasimbira Wakeman mwini, usiku wina adafika kunyumba ali wofooka ndi ntchito, m'mawa mwake kukumudikira ina. Tulo titangomugwira, lamya idalira. Adali Squire, kumupempha kuti alowe m'gulu la Yes. Wakeman adakana, n'kubwerera kukagona. A Yes sadagwe ulesi, adamukakamiza kuti abwere angoona mmene amayeserera nyimbo.

Apa ndi pamene nkhani idavutira. Wakeman amati tsiku lomwe mwayi wa Yes udamupeza, Bowie nayenso adamuitana. Ankakonza gulu latsopano ndi woliza gitala Mick Ronson, limene lidadzatchedwa The Spiders from Mars, ndipo ankafuna Wakeman pa makiyi. Bowie adali mnzake, munthu amene ankamulemekeza kuposa olemba nyimbo ambiri a nthawiyo. Kupita kwa iye kudali kukhala kumbuyo kwa nyenyezi imene idali pafupi kuwala. Kupita ku Yes kudali kulowa pakati pa anthu amene sankawadziwa bwino, okonda kutsutsana pa noti iliyonse, koma ofunitsitsa mawu a Moog.

Makomo awiri adatseguka tsiku limodzi, ndipo lina lidayenera kutsekedwa. Kodi mnyamata wa zaka 22 uja adakana ndani? Musaphonye gawo lachitatu.