YANG'ANANI MIYENDO MUSANAGULE NYAMA YOKOKA NGOLO

Alimi anzathu a kwa Kadewere, m'boma la Chiradzulu, amene mulingalira zogula ng'ombe kapena bulu wotutira cimanga, fodya ndi manyowa, tikupemphani kuti muyambe mwayang'ana miyendo. Nyama yonenepa ikondweretsa maso, koma cokoka ngolo ndi miyendo.

Phunziro ili taliona kwa oweta akavalo. Ku California, m'dziko la America, kuli mpikisano wochedwa Tevis Cup, umene unayamba m'caka ca 1955. Kavalo ayenda mamailosi 100 tsiku limodzi, ndipo panjira madokotala a ziweto amuyesa. Akampeza alikutsimphina, amcotsa. Kumeneko kwadziwika kuti cilema cosaoneka pa ulendo waufupi cionekera nyama ikatopa. Cimodzimodzinso ng'ombe ndi bulu.

Kugundana kwa miyendo kuli pawiri. Kwina, ciboda cimenya kakolo wa mwendo unzace cakum'kati. Kwina, ciboda cam'mbuyo ciponda cidendene ca mwendo wakutsogolo. Poyamba ubweya uthothoka, kenaka pabuka cilonda, nchenche nizisonkhanapo, nyama niyamba kutsimphina pa nyengo yokolola, pamene nchito yacuruka.

Bvuto limeneli licokera ku cibadwa, ku ziboda zotalika, ndi ku kutopa. Cibadwa sitingathe kucikonza. Cifukwa cace pogula, imikani nyama pabwalo losalala, muiyang'ane kutsogolo ndi kumbuyo. Miyendo ikhale yoongoka ndi yotalikirana bwino. Ngati ziboda zaloza kunja, kapena mfundo za miyendo yam'mbuyo zayandikana kwambiri, cenjerani. Tsono mwini wace aiyendetse kucoka pamene muli ndi kubwerera, inu mulikupenya. Papasani m'kati mwa akakolo: cipsera pamenepo cinena zimene wogulitsa sanganene.

Ngati nyama yotere muli nayo kale, citani izi:

1. Ziboda zisatalike. Za bulu ziwengedwe pafupifupi masabata 8 ali onse, pang'onopang'ono. Funsani mlangizi wa ziweto akuonetseni kawengedwe kace, pakuti kudula kwambiri kupundula.

2. Cepetsani katundu, makamaka pa zitunda za kuno. Maulendo awiri opepuka aposa umodzi wolemetsa.

3. Gwirani nchito m'mawa kusanatenthe, ndipo musaithamangitse ndi cikoti. Nyama yotopa, yanjala kapena yoonda iponya miyendo mosasamala.

4. Cilonda citsukeni ndi madzi oyera othira mcere pang'ono, nyama ipumule kufikira citapola. Poyambanso nchito, kulungani pamalopo cikopa cofewa, osamanga kolimba.

5. M'khola mukhale mouma, cifukwa matope afewetsa ndi kuoletsa ziboda.

Pomariza, nyama ya miyendo yokhota musaisiye ikhale ya mbeu, pakuti kawirikawiri ana atengera makolo. Mlimi amene ataya kanthawi kuyang'ana miyendo pa tsiku logula, sadzasenza matumba pamutu ngolo iri ciimire pakhomo.