MLEMBI WA M'TIZILOMBO: CHIMENE WOMWA MA ARV AYENERA KUDZIWA

Malangizo oyendetsa moyo wa munthu, ng'ombe ngakhale chimanga amasungidwa m'kaulusi kosaoneka ndi maso kotchedwa DNA. Akafunika, amakoperedwa pa kaulusi kena kotchedwa RNA. Akatswiri ankayesa kuti njira ndi yokhayi, koma mu 1970 Howard Temin ndi David Baltimore a ku America anapeza m'mavairasi ena kachipangizo kokopera chobwerera, kuchoka pa RNA kumka pa DNA. Mlembi ameneyu dzina lake ndi reverse transcriptase.

Mlembiyu m'mabakiteriya

Mu 1989 kunadziwika kuti mabakiteriya ena nawonso ali naye. Anapezeka mwa Myxococcus xanthus wa m'dothi, ndiponso mwa E. coli amene amakhala m'matumbo a anthu ndi ziweto. Alembiwa ndi amitundumitundu. Ena amathandiza tizidutswa ta malangizo kusamukira pena m'kati mwa bakiteriya. Ena, monga kunatsimikizika mu 2020, ndi alonda. Mabakiteriya ali ndi mavairasi awoawo owagwira, ndipo wina akagwidwa, mlondayo amachititsa kuti afe msanga vairasiyo asanaswane. Motero anzake amapulumuka, monga umo mkwasa wolambulidwa bwino umatetezera nkhalango ya Chikangawa ku moto wolusa.

Mlembiyu m'kachilombo ka HIV

Bakiteriya amatha kuswana popanda mlembi wotere, koma HIV sangathe. Malangizo ake ali pa RNA, ndipo ayenera kusandutsidwa DNA kuti akhazikike m'maselo oteteza thupi. Apa ndi pamene mankhwala amagwirira ntchito. M'Malawi ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2019 ambiri amamwa mbulu umodzi patsiku wokhala ndi mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amamanga manja a mlembi uja, pamene dolutegravir amatsekereza DNA ya kachilomboko kuti isalumikizike ndi ya munthu.

Mlembi wa HIV ngwosasamala, amaphonyaphonya pokopera. Munthu akamadumphitsa mankhwala, kachilombo kamayambanso kuswana, ndipo mwa zophonya zija mumatha kubadwa mtundu wosamva mankhwala.

Phunziro kwa anthu a ku Mzimba

Anthu ambiri a ku Embangweni, Edingeni, Jenda ndi pa Boma amapita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Womwa ma ARV asanyamuke mwakachetechete. Ayambe waonana ndi a zaumoyo pa chipatala chachikulu cha Mzimba, cha mishoni cha Embangweni kapena china chimene amalandirirako, kuti amulangize za mankhwala a pa ulendo ndi kumulembera kalata yokapitirizira kumeneko. Buku lake la kuchipatala lisatsale.

Chachiwiri, ma ARV sapha mabakiteriya, popeza moyo wa bakiteriya sudalira mlembiyu. Chifuwa chachikulu, chindoko ndi chinzonono zili ndi mankhwala akeake. Chimodzimodzinso Bactrim, amene ambiri amalandira pamodzi ndi ma ARV, amatchinjiriza ku matenda ena ndipo sangalowe m'malo mwa ma ARV.

Pomaliza, botolo la munthu mmodzi lisagawidwe, ngakhale kwa mwamuna kapena mkazi wake. Kugawana kumapereweretsa onse awiri, ndipo kachilombo kamapeza mpata. Mbulu umodzi tsiku lililonse, pa nthawi yake, ndiwo umagoneka mlembi woipayu.