Mitengo ya Maluwa ndi Mbalame za Kwathu: Chuma Chosalira Nkhwangwa

Ife a kwa Kasakula tikawona mtengo timafulumira kufunsa kuti utuluka matumba angati a makala, kapena matabwa angati. Tikawona mbalame timaganiza za legeni ndi ulimbo. Koma chaka ndi chaka kumabwera alendo kuchokera ku Lilongwe ngakhale kunja kwa dziko lino, kudzakwera phiri la Ntchisi atakoleka makamera m'khosi. Salowa ndi nkhwangwa, satuluka ndi mtolo, koma amalipira ndalama. Kodi iwowa amawona chiyani chimene ife sitikuchiwona? Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tiyeni tibwereke maso awo pang'ono.

Mitengo imene imavala

M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene tchire lapsa ndipo fumbi lili ponseponse, mitengo ya tsamba ndi mombo imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati mkuwa, ena ngati magazi, ndipo pakapita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Imachita zimenezi mvula isanagwe ndi dontho lomwe, chifukwa mizu yake imamwa madzi pansi patali. Amene sanayime pa chitunda m'mawa wa nyengo imeneyi n'kuyang'ana kumunsi, sanaliwone dziko lake.

Nthawi yomweyo muwale umakhala wopanda tsamba, koma nsonga za nthambi zake zimayaka ndi maluwa ofiira ngati moto. Mlombwa umadza pambuyo pake ndi maluwa achikasu onunkhira, ndipo chipatso chake ndi chozungulira ngati kambale, chokhala ndi timinga pakati. Tiyang'anitsitse chipatso chimenechi, chifukwa chili kale ngati chojambula cha pa chitenje. Mvunguti uli ndi khalidwe lakelake: maluwa ake ofiira moderapo amalendewera pa zingwe zazitali, amatseguka usiku, ndipo amene amawayendera kwambiri ndi mileme. Kukacha timawapeza atagwa pansi, mbuzi zikuwatola. Msambamfumu nawo uli ndi njere zakuda zovala kachipewa kofiira, zimene anthu amatunga ngati mikanda.

Mbalame sizikhala pa chitsa

Buku lalikulu la mbalame za m'Malawi limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett adatulutsa mu 2006 lidawerenga mitundu pafupifupi 650. Ku dziko laling'ono ngati lathu, chimenechi ndi chiwerengero chachikulu. Phiri la Ntchisi lili ndi mwayi chifukwa lili ndi nkhalango za mitundu iwiri: pamwamba pali nkhalango yowirira yosayoyola masamba, ndipo m'mbali muli nkhalango ya mombo ndi tsamba. Iliyonse ili ndi mbalame zake. Makolo amatiwuza kuti nkhalango ya pamwambayo idapulumuka chifukwa Achewa ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni, choncho sankayidula.

Tiyenera kumvetsa kuti mtengo ndi mbalame zimadyerana. Timbalame toyamwa maluwa tija timati choso timapita ku muwale kukamwa timadzi totsekemera, ndipo pochoka timanyamula mungu kukasiya pa duwa lina. Nkulukulu, mbalame yobiriwira ya tsumba pamutu, imadya nkhuyu ndi zipatso zina n'kukataya njere kutali, kumene mtengo watsopano umamera. Ikatambasula mapiko pamawoneka kufiira kodabwitsa, ndipo akatswiri adapeza kuti mu utoto wa nthenga zimenezi muli mkuwa weniweni. Nsadzu imatsogolera munthu ku njuchi, ndipo njuchizo zimadalira maluwa a mitengo yomweyi. Tikadula muwale ndi mkuyu, sitifunika kupha mbalame ndi imodzi yomwe, zimachoka zokha.

Nsalu zathu zikunena za yani?

Makolo athu ankavala mtengo. Ankasenda khungwa la mombo, kuliviika ndi kulisula mpaka lifewe, n'kukhala nyanda. Ku chigwa cha Shire ankalima thonje ndi kuwomba okha nsalu, nsalu za m'sitolo zisanafike. Lero timavala chitenje, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1960 fakitale ya David Whitehead ku Blantyre idayamba kudinda nsalu kwathu konkuno. Koma tatsegulani sutikesi ya mayi aliyense muno. Mupezamo nkhope za atsogoleri a zipani, zizindikiro za mabungwe, ndi maluwa a maiko ena amene sitidziwa ngakhale dzina lake. Duwa la muwale simulipeza. Ife tikuwona kuti pamenepa tikudzichepetsa tokha.

Sikuti sizingatheke. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko akhala akusema ndi kujambula zinthu zochokera m'miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayawo, n'kumagulitsa kwa anthu a maiko ambiri. Boma nalo lakhala likuyika mbalame zathu pa masitampa a ku positi, ndipo nkhwazi ili pa chizindikiro cha dziko lino. Ngati mbalame ikuyenera pa sitampa, ilekerenji pa nsalu ya pa tebulo?

Amayi a m'magulu a ntchito za manja amadziwa kale kupeta ndi kunyika nsalu mu utoto. Chimene chikusowa ndi chitsanzo chabe. Tolani duwa lakugwa lokha, ligonekeni pa pepala, lembani m'mbali mwake ndi pensulo, kenaka sindikizani chojambulacho pa nsalu. Utoto wofiirira umapezeka powiritsa utuchi ndi tizidutswa ta mlombwa timene akalipentala amataya. Tisasende khungwa kuzungulira mtengo wamoyo, pakuti chakudya cha mtengo chimayenda m'khungwa, ndipo mtengo woteroyo umawuma chiimirire.

Wojambula ndi wodekha

Masiku ano achinyamata ambiri ali ndi mafoni ojambula. Kujambula mbalame sikulira kuthamanga. Pezani mtengo umene wachita maluwa kapena wapsa zipatso, fikanipo dzuwa lisanakwere, khalani pansi dzuwalo lili kumbuyo kwanu, ndipo dikirani. Mbalame zibwera zokha. Musagwire chisa, musagwedeze nthambi, ndipo musakole mbalame kuti muyijambule ili m'manja, chifukwa chithunzi chotero chimangowonetsa mantha ake. Lembaninso tsiku, malo ndi dzina la Chichewa la mtengo kapena mbalameyo. Mayina ambiri atsala m'mitu mwa agogo okha, ndipo mwana amene amadziwa nkhalango ndi mayina ake ndiye amene alendo amamufuna kuti awaperekeze.

Malamulo akuti bwanji?

Gawo 13 la Malamulo Aakulu a dziko lino, amene adakhazikitsidwa mu 1994, limalamula boma kusamala zachilengedwe poganizira mibadwo yam'tsogolo. Lamulo la za nkhalango la 1997 limapatsa midzi mphamvu yokhala ndi nkhalango zawozawo, kusankha makomiti oyang'anira zachilengedwe, ndi kuchita mgwirizano ndi a Nthambi ya Nkhalango pa kasamalidwe ka nkhalango za boma monga ya Ntchisi. Mu 2020 lamuloli lidawunikidwanso, ndipo zilango za owotcha makala popanda chilolezo zidakwera kwambiri. Choncho pofuna kulowa m'nkhalango ya boma, ngakhale kukajambula chabe, tiyambe tawonana ndi mlangizi wa za nkhalango kapena komiti ya m'mudzi.

Pali lamulo lina limene ambiri sitilidziwa, la 2016, loteteza eni zaluso. Chithunzi ndi cha amene adachijambula, ndipo chojambula cha pa nsalu ndi cha amene adachipanga. Wina akafuna kuchidinda pa kalendala kapena pa zitenje zogulitsa, ayenera kupempha ndi kugwirizana nanu za malipiro. Musapereke chitsanzo chanu kwa wamalonda pa mawu apakamwa okha. Lemberanani pa pepala, pakhale mboni, ndipo a gulu asunge pepala lawo. Bungwe la COSOMA ndilo limathandiza pa nkhani zotere.

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Nthawi zambiri timangolandira mbande za bulugama, amene amakula msanga koma pansi pake pamamera zochepa. Pa nazale ya m'mudzi tiyikeponso ya kwathu. Muwale suvuta: dulani nthambi yokhwima kumapeto kwa chilimwe, izikeni m'malire a munda kapena pa bwalo la sukulu, ndipo mvula ikagwa iphuka. Njere za msambamfumu zimamera msanga mukachotsa kachipewa kofiira kaja musanazifese.