Khanda Likachita Chikasu, Tithamangire Makina Ounikira

Amayi anzanga, mkaka wa m'mawere ndiwo chakudya choposa zonse kwa khanda. Komabe alipo ana ena, owerengeka ndithu, amene amabadwa ndi nthenda yotchedwa galactosemia. Thupi la mwana wotere limalephera kugaya shuga wopezeka mu mkaka, kotero kuti shugayo amaunjikana ndi kuwononga chiwindi, maso ndi ubongo. Nthendayi inayamba kulembedwa ndi dokotala von Reuss m'chaka cha 1908, ndipo mwana amaitengera kwa bambo ndi mayi onse awiri. Choncho tisafulumire kunena kuti ndi tsempho, kapena kuloza chala mayi yekha.

Zizindikiro zimaoneka masiku oyamba kuyamwa: kusanza, kufooka, kusakwera sikelo, maso achikasu ndi mimba yotupa. Ife a kuno ku Muloza, pamodzi ndi abale athu a ku Milange, tiyambe tapita ku chipatala chathu chaching'ono, kumene angatitumize ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Mulanje Mission. Zikavuta, ulendo ndi wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kumeneko adokotala amaunika mimba ya mwana ndi makina a sikani, omwe aja amatiunikira tikakhala oyembekezera. Makinawa sapweteka ndipo sacheka. Amaonetsa ngati chiwindi chakula, ngati m'mimba mwadzaza madzi, komanso ngati njira za ndulu zili bwino. Zimenezi ndi zofunika chifukwa chikasu china chimabwera njira za ndulu zikatsekeka, ndipo chimenecho chimafuna opaleshoni mwana asanapitirire miyezi 2. Adokotala a maso nawonso amaunika ngati mwayamba ng'ala, pamene makina a MRI, amene anafika ku Queen Elizabeth m'chaka cha 2008, amajambula ubongo.

Dziwani kuti chithunzi chimangoonetsa pamene paonongeka. Dzina la nthenda limatsimikizika poyeza magazi. Ikapezeka galactosemia, mwana amamusiyitsa mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe, namupatsa mkaka wa makanda wopangidwa ndi soya. Akathandizidwa msanga, chiwindi chimachira ndipo ng'ala yongoyamba kumene imatha kuchoka.

Koma chonde, musamusiyitse mwana bere mwa nokha adokotala asanalamule. Ana ochuluka achikasu amachira akuyamwa. Chikasu chikapitirira masiku 14, kapena mwana akayamba kuchita chimbudzi choyera, nyamukani tsiku lomwelo, ndipo bambo aperekeze. Safunsa anadya phula. M'magulu athu a amayi tikumbutsane kuyang'ana maso a khanda panja powala, m'mawa uliwonse pomusambitsa.